CHIDULO: MBIRI YA LIU LIMENE LIRI KUIWALIKA

Pa msika wa Mitundu, ngakhalenso pa Nathenje m'mbali mwa mseu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza, mai wogula therere kawirikawiri sachoka asanagule kanthu kenanso kakang'ono. Kanthuko ndiko soda, ufa woyera wa m'timapepala, umene wophika amatsina pang'ono naponya mumphika kuti ndiwo zifewe msanga. Mwana wa masiku ano angayese kuti therere ndi soda zinabadwa tsiku limodzi. Si tero ai. Therere ndi ndiwo zakalekale, koma soda ndi mlendo wofika dzulodzuloli. Mlendoyo asanafike panali mwini malo, ndipo dzina lake ndi chidulo.

Kumidzi liu limeneli likali kumveka, makamaka pakamwa pa amai achikulire. Koma ana ambiri okulira m'tauni salidziwa, ndipo ena amene analimvapo amayesa kuti ndi dzina lachikale la soda yemweyo. Chidulo ndi madzi otengedwa ku zomera, koma katengedwe kake kasiyana ndi ka mankhwala a sing'anga. Sing'anga amakumba mizu kapena kusenda makungwa, nawiritsa mumphika, napatsa wodwala madziwo kuti amwe. Wopanga chidulo amayamba watentha chomeracho kufikira chitasanduka phulusa. Atatero amathira madzi paphulusapo kuti adonthere pansi. Ndipo madzi odonthawo ndiwo amawiritsa, kapena pamodzi ndi ndiwo, kapena paokha mpaka aume ndi kusiya mchere pansi pa mphika. Madzi a mizu yowiritsa anthu amangowatcha mankhwala, monga atchera mankhwala ena onse. Madzi a phulusawa anapatsidwa dzina laolao, chifukwa anali kugwiritsidwa nchito pafupifupi masiku onse m'nyumba iriyonse.

Kapangidwe kake

Dziko la kumwera kwa Lilongwe, la mafumu monga Chiseka, Chadza, Kalumba ndi Mazengera, ndi dziko la chimanga, mtedza, nyemba ndi fodya. Chidulo cha kumeneko chinali kuchokera m'munda momwemo. Chimanga chitalowa m'nkhokwe, banja linali kutong'ola pang'onopang'ono cha kukasinja, ndipo zitsononkho sizinali kutayidwa kudzala. Mai wanzeru anali kuziunjika pamalo pouma pamodzi ndi makoko a mtedza ndi a nyemba. Ena anali kukonda mapesi a bonongwe atakhwima, ena makoko a nthochi ouma. Aliyense anali ndi chimene anaphunzira kwa amai ake, ndipo anali kuchitama koposa cha mnzake. Wowerenga akumbukire kuti chimanga ndi mtedza kwao nku America, ndipo zinafika ku Afrika ndi zombo za Apwitikizi chitapita chaka cha 1500. Tsono zitsononkho nazonso nzachilendo pa nchito imeneyi. Zisanabwere, phulusa linali la mapesi a mapira ndi la udzu wa m'madambo.

Katenthedwe kake kanali ndi lamulo. Zitsononkho sizinali kuponyedwa pa mafua pamene pali phulusa la nkhuni zosakaniza, chifukwa mitengo ina phulusa lake liipitsa ndiwo. Mai anali kusesa pamalo, kapena kutenga phale lalikulu, natentha zitsononkhozo pazokha kufikira zonse zitapsa ndi kuyera mbuu. Phulusa litazizira anali kuliola, nalisunga mumphika wakale pamalo posadontha. Phulusa lobvumbwa ndi mvula liribenso nchito, pakuti mvulayo yatenga kale mphamvu yake niipereka kunthaka.

Tsiku lophika, mai anali kutenga kamphika kobooka pansi, nayala udzu m'katimo, natsira phulusa pamwamba pa udzuwo ndi kulitsendereza pang'ono. Kamphikako anali kukasanjika pa mphika wina, nathira madzi pang'onopang'ono. M'zaka za pambuyo pake chitini chobooledwa ndi msomali chinalowa m'malo mwa kamphika kobooka, koma nchito yake njomweyo. Madzi amalowa m'phulusa, nasungunula zimene zingasungunuke, natuluka pansi dontho limodzilimodzi, ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Nchito imeneyi dzina lake ndi kutcheza, liu lomwelo limene anena za munthu wotcheza kachasu, pakuti kachasu nayenso atuluka modontha. Madzi oyamba kudontha ndiwo aukali. Otsatira amanka nachepa mphamvu.

Panalibe muyeso wolembedwa. Muyeso unali lilime ndi zala. Mai anali kubviika chala nalawa: chidulo chabwino chiluma lilime pang'ono, ndipo pakati pa zala chiterera ngati sopo. Mtsikana wophunzira kuphika anali kuitanidwa ndi amai ake kapena ambuye ake kuti alawe nayenso, ndipo anali kuuzidwa kuti akachulutsa ndiwo zisanduka phala ndi kuwawa, akachepetsa anthu atopa nkudikira. Pamenepa mpamene panali kuonekera luso. Mkamwini watsopano m'mudzi anali kudziwa mtundu wa banja limene walowamo pa mbale yoyamba ya therere.

Ndiwo zofuna chidulo nzambiri. Poyamba pali therere la mitundu yonse, denje, chewe ndi therere lobala, limene popanda chidulo silinanda bwino. Pali chigwada, chimene ngakhale chitasinjidwa mumtondo chichedwa kupsa. Pali kholowa, ndi nkhwani kapena khwanya zimene zayamba kukhwima. Pali mfutso wosungidwa m'zikwatu, umene pofika mwezi wa October wauma gwa, ndi bowa wofutsa chimodzimodzi. Palinso chikande, timizu ta maluwa a m'madambo ndi m'mapiri, timene amasinja ndi kuphika ndi nsinjiro ndi chidulo mpaka tigwirane ndi kudulika ndi mpeni ngati chiwindi. Chidulo chisunganso kubiriwira kwa masamba, kotero kuti ndiwo zioneka zokoma m'maso. Koma phindu lake lalikulu linali pa nkhuni ndi pa nthawi. Mai amene walima m'mawa wonse, natunga madzi, nasinja mphale, alibe mphamvu yokhalira mphika wa chigwada mpaka dzuwa kulowa. Ndipo nkhuni iriyonse yosapsa lero inali yochepetsa mtolo wa pamutu pake mawa.

Chiyambi cha dzinali

Chichewa chiri ndi njira yake youmbira maina a zipangizo. Chimatenga liu lonena nchito, nichiika chi kutsogolo kwake ndi o kumapeto. Kutseka kubala chitseko, kubvundikira kubala chibvundikiro, kukumbutsa kubala chikumbutso. Momwemonso kudula kubala chidulo, ndiko kunena chinthu chodulira. M'mabuku a zaka za 1930 mpaka 1950, pamene c anali kuimira ch wa lero, liuli linali kulembedwa cidulo.

Nanga madzi adula bwanji, popeza alibe mano ngati mpeni? Anthu a sayansi apeza kuti tsamba linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tomatirirana ndi kanthu konga ulimbo. Madzi wamba akamawira amasungunula ulimbo umenewo mochedwa. Madzi a phulusa amausungunula msanga, ndipo tizipindato tilekana, tsamba nkufewa. Amene anatcha dzinali analibe galasi loonera tizipinda, koma dzina lao linalasa penipeni. Chidulo chimaduladi, kungoti chidula pamene mpeni sungafike.

Pali liu lina lophuka pa muzu womwewo, limene Mchewa aliyense wachikulire alidziwa, ndilo mdulo. Kusiyana kwa mau awiriwa kuli kumutu kokha. Mdulo, umene ena autcha tsempho, ndi nthenda imene makolo anakhulupirira kuti igwera munthu pamene wina wa m'banja mwake walakwira malamulo a ukwati, monga kuchita chigololo mkazi ali ndi pakati, kapena kukhalira pamodzi nthawi yoletsedwa. Wodwala amatupa miyendo ndi nkhope, amatsokomola, namva kupweteka m'chifuwa, ndipo anthu amati wolakwayo wamdula. Chodabwitsa nchakuti njira yaikulu imene mdulo unali kuyendamo inali mphika wa ndiwo womwewo. Mkazi amene ali kumwezi sanali kuthira mchere m'ndiwo. Anali kuitana kamwana kuti kathire m'malo mwake. Bambo J. W. M. van Breugel, wansembe amene anafufuza chipembedzo cha makolo, analongosola mwambo umenewu m'buku lake lotchedwa Chewa Traditional Religion, losindikizidwa m'chaka cha 2001. Madokotala akaona zizindikiro zomwezo amapeza kawirikawiri chifuwa chachikulu, kuchepa kwa magazi, kapena kuperewera kwa chakudya m'thupi la mwana, ndipo wodwala wotere ayenera kufulumira naye kuchipatala. Koma kwa wofufuza mau chofunika ndi ichi, chakuti pa mafua amodzi panali kudula kuwiri, kwina kofewetsa ndiwo, kwina koopsa pa moyo, ndipo konse kuwiri kunali m'manja mwa mkazi wophika.

Kutcheza ndi mchere

Liu la kutcheza nalonso liri ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ifika pa mchere. Abemba a ku Zambia amati umucele, Aluba a ku Congo amati mukele, Achewa amati mchere. Akatswiri oyerekeza zilankhulo za Bantu aona kuti maina atatuwa ndi liu limodzi, lochokera ku muzu wakale wotanthauza kusefa madzi. Khutu lomwe limva ubale pakati pa mchere ndi kutcheza. Mitundu ina, monga Ashona ndi Asena, iri ndi dzina lina, ndilo munyu. Chotero kwa makolo a Achewa mchere unali chinthu chochita kutcheza. Dzina lake lenilenilo lichitira umboni za mphika wobooka.

M'chaka cha 1859 David Livingstone, pokwera mtsinje wa Shire, anapeza anthu ali kupanga mchere m'chigwa cha kumunsi. Anali kupala dothi la mchere, kuliika mumphika wobooka, kuthira madzi, ndi kuumitsa madzi odonthawo. Ku nyanja ya Chilwa kunalinso nchito yotere. Mchere umenewo unali malonda, wosinthana ndi makasu, nsalu ndi chakudya. Koma kwa munthu wa pansi pa phiri la Bunda, Chilwa ndi Shire zinali ulendo wa masiku ambiri wapansi. Ndipo zaka za m'ma 1800 zikunka kumapeto, njira zinadzala ndi nkhondo za Angoni ndi za ogwira akapolo. Anthu a Mazengera anathawira paphiri la Nkhoma, kumene amishoni a Dutch Reformed Church anadzamanga m'chaka cha 1896. Munthu wobisala paphiri sayenda ulendo wa mchere.

Chimene sichisowa m'dziko la Diamphwe ndi Lilongwe ndi madambo. Monga anali kuchitira anthu ambiri a pakati pa Afrika okhala kutali ndi dothi la mchere, Achewa anali kumweta udzu wa m'madambo nthawi ya chilimwe, kuuumitsa, ndi kuutentha. Phulusalo anali kulitcheza monga atchezera chidulo cha ndiwo, koma lochuluka. Madziwo anali kuwatsira mumphika wapakamwa potambalala, nasonkhezera moto, naonjezera ena pamene oyamba aphwera, kufikira pansi pa mphika patagwira kanthu kotuwa, kolimba ngati nkhoko za nsima. Umenewo ndiwo unali mchere. Mitolo yambiri ya udzu inali kubala mchere wochepa, ndipo nchifukwa chake unali kusungidwa mosamala, ndi kuthiridwa mochita kuwerenga.

Kakomedwe kake sikanali ka mchere wa m'sitolo. Unali ndi kuwawa kwake kumbuyo kwa lilime. Chifukwa chake nchakuti mchere wa m'nyanja muli chinthu chotchedwa sodiyamu, pamene zomera za pamtunda zimakoka m'nthaka china chofanana nacho, chotchedwa potaziyamu. Phulusa la udzu wina wa m'madambo lipereka potaziyamu wamchere. Phulusa la zitsononkho ndi makoko lipereka potaziyamu woterera, wofewetsa ndiwo. Amai akale anasiyanitsa mitundu iwiriyi ndi lilime, nadziwa udzu wa mchere ndi mapesi a chidulo, zaka zambiri maina a sayansiwa asanamveke.

Otcheza a maiko ena

Pali anthu ena amene amachita manyazi ndi chidulo, nayesa kuti kudya madzi a phulusa ndi umbuli wa kumudzi. Anthu otere sadziwa kuti Azungu naonso anali otcheza. Ku Europe ndi ku America anthu anali kutentha mitengo yambirimbiri, kutcheza phulusa m'migolo, ndi kuwiritsa madziwo m'miphika yaikulu yachitsulo mpaka atauma. Chotsala mumphika anachitcha potash, liu lochokera ku Chidatchi, lolumikiza mau awiri, mphika ndi phulusa. Anali kupangira sopo ndi magalasi, ndi kuyeretsera nsalu, ndipo anali malonda akulu odzaza zombo. Chikalata choyamba cha boma la United States chotsimikiza kuti munthu watulukira njira yatsopano ya nchito chinapatsidwa kwa Samuel Hopkins pa 31 July 1790, ndipo anachisaina George Washington. Njira imene Hopkins anatulukirayo inali ya kapangidwe ka potash.

M'chaka cha 1807 Humphry Davy, ku London, anapititsa mphamvu ya magetsi mu potash, natulutsamo chitsulo chofewa chimene munthu anali asanachione, nachitcha potassium, kutengera dzina la mphika ndi phulusa lija. Aluya anali ndi liu lao, al-qaly, lonena phulusa la zitsamba zomera m'dothi la mchere. Kumeneko kunachokera alkali, dzina la zinthu zonse zoterera ngati chidulo, ndi kalium, dzina lina la potaziyamu. Mlimi wa ku Mitundu aliona liu limeneli chaka ndi chaka osalizindikira. Pa thumba la feteleza pali malembo atatu, N, P ndi K, ndipo K ameneyo ndiye kalium. Feteleza wa 23:21:0+4S, amene alimi a chimanga anamzolowera zaka zambiri, nambala yake yachitatu ndi 0, kusonyeza kuti mulibe potaziyamu. Koma maungu omera okha padzala, pamene amai amataya phulusa, amampeza wochuluka, ndipo aliyense adziwa m'mene amakulira.

Malonda a phulusa ku Europe anayamba kufa m'chaka cha 1861, pamene ku Stassfurt m'dziko la Germany anthu anayamba kupanga potash wochokera m'migodi. Nchito ya manja inagonja kwa chinthu chotsika mtengo chochokera kufakitale. Zimene zinachitika kumeneko zinadzachitikanso ku Lilongwe, kungoti mochedwerapo.

Kufika kwa soda

M'chaka cha 1863 Ernest Solvay wa ku Belgium anakhazikitsa kampani yopanga soda kuchokera ku mchere wamba ndi miyala ya laimu, ndipo njira yake inatsitsa mtengo wa soda pa dziko lonse. Katundu wa mafakitale analowa m'Nyasaland ndi makampani monga African Lakes, ya Mandala, imene inayamba mu 1878, ndi masitolo a Amwenye amene anatsata maboma. Boma la Lilongwe linakhazikitsidwa mu 1904. Koma sitolo siithandiza munthu wopanda ndalama. Ndalama inafika ndi fodya. M'chaka cha 1920 A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace anayamba ulimi wa fodya wochiza ndi utsi ku Mbabzi, nagawira mbeu anthu a m'midzi. Ndipo alimi anachuluka msanga kotero kuti mu 1926 boma linapanga bungwe la Native Tobacco Board loyang'anira malondawo. Inanso inali kubwera ndi amuna obwerera ku Salisbury ndi ku Johannesburg.

Woyamba kugonja anali mchere wa m'dambo. Panalibe mkazi wofuna kumweta udzu ndi kusonkhezera moto tsiku lonse pamene kakobiri kangagule mchere woyera wosawawa, ndipo palibe angamdzudzule. Mchere wa m'sitolo unadzakhalanso ndi ubwino wina umene wa udzu unalibe: m'chaka cha 1995 Malawi anapanga lamulo lakuti mchere wogulitsa uzikhala ndi ayodini, woletsa chithokomiro, nthenda yotupitsa khosi imene isautsa anthu a kumitunda. Chidulo cha ndiwo chinalimba nthawi yaitali, popeza zitsononkho sizigulidwa. Soda anachipambana pa kufulumira kokha. Kutsina ufa m'kapepala nkwa kanthawi. Kutcheza kufuna phulusa losungidwa, chitini, ndi kudikira madontho. Amai ambiri achikulire amanenetsa kufikira lero kuti therere la soda silifika pa la chidulo kukoma kwake, ndipo mau ao sayenera kupeputsidwa, pakuti iwo ndiwo analawa zonse ziwiri.

Chiweruzo cha madokotala

Chidulo chiri ndi mlandu wake, ndipo mbiri yoona siingaubise. M'zaka za 1938 ndi 1939 boma linachititsa kafukufuku wa zakudya m'midzi itatu ya m'boma la Kota Kota, limene masiku amenewo linali kuphatikiza ndi Ntchisi. Mtsogoleri wake anali Dr B. S. Platt, amene asanabwere anagwira nchito ku Shanghai pa nthenda ya beriberi, yoyamba ndi kusowa kwa vitamini B1. Mmodzi wa anchito ake anali mai wodziwa za zakudya, amene pambuyo pake anatchuka ndi dzina la Jessie Williamson. Maiyu anakhala pa mafua ndi amai a m'midzi, nalemba maina a ndiwo ndi kaphikidwe kake, ndipo mu 1955 anatulutsa buku la Useful Plants of Nyasaland, limene linasindikizidwanso mu 1975 ndi dzina la Useful Plants of Malawi. Zolemba za kafukufuku mwini wake zinagona m'mabokosi chifukwa cha nkhondo, kufikira zinasindikizidwa mu 1992.

Chimene anthu a zakudya akhala akuchenjeza kuyambira masiku amenewo nchakuti madzi oterera ngati chidulo amaononga vitamini C ndi vitamini B1 m'ndiwo zowira. Masamba amatuluka mumphika ali obiriwira, okoma m'maso, koma mbali ina ya chakudya chake yafa. Mlandu umenewu ngwoona. Komatu soda ali nao mlandu womwewo, ndipo wophika ndi soda achulutsa mosabvuta, chifukwa ufa sulawidwa ndi chala monga madzi. Amene anasiya chidulo nagula soda poyesa kuti atsata ukhondo, sanapulumutse vitamini ndi mmodzi yemwe. Uphungu wabwino ndi umene alangizi amapereka m'midzi, wakuti masamba anthete monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani zanthete aphikidwe kanthawi kochepa popanda soda kapena chidulo, ndipo zofewetsazo zisungidwire ndiwo zolimba zokhazokha. Pafupi ndi Mitundu pomwepo pali sukulu ya ulimi ya Bunda, imene inali nthambi ya University of Malawi kuyambira 1967, ndipo mu 2012 inakhala maziko a yunivesite ya LUANAR. Kumeneko ndiko amaphunzira ambiri a iwo ophunzitsa za zakudya m'dziko lino.

Phulusa lomwelo limene liononga m'ndiwo, pa chimanga lichita zosiyana. Anthu a ku Mexico ndi maiko oyandikana nao, eni ake a chimanga, amachiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa asanachipere, ndipo achita tero zaka zoposa 2,000. Kuwiritsa kotere kumasula vitamini wotchedwa nayasini, amene m'chimanga chosaphikidwa motero ali womangika, thupi silingamtenge. Chimanga chinaoloka nyanja kudza ku Afrika, koma nzeru imeneyi inatsala tsidya lija. Kusowa kwa nayasini kubala nthenda ya pelagra, yothetheka khungu pamene pawomba dzuwa, yotsegula m'mimba ndi yosokoneza mutu. M'chaka cha 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique okhala m'Malawi anadwala nthendayi, pamene mtedza unasowa pa chakudya chimene anali kulandira, natsala ndi chimanga. Nchomvetsa chisoni kuganiza kuti mtundu wa anthu odziwa kutcheza chidulo kuchokera ku zitsononkho sunaphunzire kuwiritsa chimanga chenichenicho m'madzi omwewo.

Masiku ano nkhuni zabvuta kumwera kwa Lilongwe. Nkhalango ya Dzalanyama yachepa ndi nkhwangwa za ootcha makala, ndipo m'midzi yambiri zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya fodya zasanduka nkhuni za masiku onse. Chotero phulusa la chidulo lipangika pa mafua tsiku ndi tsiku, koma losakanizika, ndipo m'mawa liwoledwa nkukatayidwa kudzala. Chitini chobooka sichinatheretu ai. M'miyezi ya January ndi February, pamene nkhokwe zapepuka, ndalama ya fodya yatha kalekale, ndipo denje lamera lokha m'mizere ya chimanga, agogo amachitulutsa kuseri kwa nyumba, natentha zitsononkho zowerengeka paphale, natuma mdzukulu kuti akatunge madzi. Ana ambiri amene alidziwa liuli analimva koyamba m'miyezi imeneyo.